Za agogo aja osayankhula, mmene zikuyendera pano

Mwina mukukumbukira ndinafunsa kuti tingacheze nawo bwanji agogo athu aakazi amene ali ndi dementia (vuto la ubongo lopangitsa munthu kuiwalaiwala), poti anafika pomangokhala duu ndipo tikawafunsa kanthu amakwiya. Zikomo nonse amene munayankha, kusintha kulipo ndithu.

Chachikulu tasiya kuwafunsa ngati ali pa mayeso, zija za "mukundidziwa ine?" kapena "mwadya chani lero?". Adokotala anatifotokozera kuti mu Alzheimer's, yomwe imayambitsa dementia kwa anthu ambiri, mbali ya ubongo yosunga zatsopano ndi imene imayamba kuonongeka, za kalekale zimakhalitsa. Ndiye tinatulutsa zithunzi zakale, sitifunsa kuti uyu ndani, timangoti "diresi iyi kukongola kwake!" basi, iwo amapitiriza okha mpaka kutchula telala amene anawasokera, koma dzina langa ayi kkkk, zimawawa pang'ono koma ndazolowera.

Nyimbo za pa utsikana wawo ndiye eee, munthu wolephera kumaliza chiganizo akuimba ndime yonse, chala chikugogoda pa mkono wa mpando. Timawapatsanso matawulo kuti apinde, akamaliza timakasokoneza matawulowo kuchipinda nkuwabweretseranso, ena akuti ndi chinyengo koma ine ndikuona akusangalala.

Akafunsa za agogo aamuna amene anamwalira sitikambanso za maliro chifukwa amalira ngati angomva kumene, timangoti tiuzeni munakumana bwanji. Vuto latsala ndi madzulo, dzuwa likamalowa amabalalika nkumafuna "kupita kwathu" ali pakhomo pawo pomwe, ndiye zithunzi ndi nyimbo timachita m'mawa. Inu amene munadutsamo, madzulo mumatani?