Kodi mipikisano ya mapulani a bizinesi yokonzedwa ndi makampani ndi yaphindu kwa wophunzira?

Wachaka Chachitatu analemba:

Moni nonse. Ndine wophunzira wa zamalonda, ndipo ine ndi anzanga awiri tikulingalira zolowa nawo mpikisano wa mapulani a bizinesi umene kampani ina yaikulu yakonzera ophunzira a m'sukulu za ukachenjede. Cholinga chathu n'chakuti tizigula mtedza kwa alimi ang'onoang'ono, n'kumapanga chiponde chogulitsa m'masitolo a m'tauni. Vuto ndi lakuti tsiku lomaliza kupereka pulani layandikana kwambiri ndi mayeso, choncho tisanataye nthawi tikufuna kumva kwa amene mukuzidziwa zinthuzi. Kodi kampani imapindulanji pamene ikugawa mphoto kwa ophunzira? Nanga oweruza amayang'ana chiyani kwenikweni? Komanso tikapereka pulani yathu, maganizo a m'menemo amakhalabe athu?

Mphunzitsi Wopuma anayankha:

Mwafunsa bwino, mwana wanga, ndipo ndiyankha funso loyambalo chifukwa ndi limene ophunzira ambiri amalilumpha. Mipikisano imeneyi siifanana, ndipo muyenera kudziwa kaye kuti wanuwo ndi wamtundu wanji.

Ilipo imene kampani imakonza pofuna kupeza antchito ndi maganizo atsopano. Chitsanzo chodziwika ndi Brandstorm, mpikisano umene kampani ya zodzoladzola ya L'Oréal inayambitsa mu 1992. Ophunzira amalowa atatuatatu, mutu woti augwirirepo ntchito imapereka ndi kampaniyo, ndipo ndime yomaliza kawirikawiri imachitikira ku Paris. Pamenepo bizinesi imene mukuikonzera pulani ndi ya kampaniyo, osati yanu, ndipo akuluakulu ake amakhala akuona kuti ndani amaganiza msanga, ndani amagwira bwino ntchito ndi anzake, ndani sanjenjemera akapanikizidwa ndi mafunso. Kunena mosabisa, kumeneko ndi kuyesedwa ntchito kotenga nthawi yaitali, ndipo ine sindionapo choipa, bola munthu adziwe zimene walowa.

Ina ndi yofuna mabizinesi enieni. Ku Rice University mumzinda wa Houston ku America kuli mpikisano umene unayamba mu 2001, ndipo magulu 42 a ophunzira amakaonekera pamaso pa oweruza amene ambiri mwa iwo ndi anthu oika ndalama zawo m'mabizinesi atsopano. Mpikisano wina wotchedwa Hult Prize nawo umapereka madola 1 miliyoni kwa gulu la ophunzira limene bizinesi yake ikuthetsa vuto la anthu ambiri. Chiponde chanucho chingakwane mu mtundu wachiwiriwu. Ngati kampani yanuyo yapereka kale mutu wake, musakakamize mtedza pamene sakuufuna.

Wowerengera Ndalama anayankha:

Aphunzitsi anena zoona, ine ndingowonjezera za oweruza, popeza ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku ndi kuwerenga mapulani a anthu ofuna mpamba. Masamba ofotokoza masomphenya ndi kukula kwa msika timawadutsa mofulumira, chifukwa pafupifupi aliyense amalemba zofanana. Pamene timaima ndi pa tsamba la ndalama.

Tengani botolo limodzi la chiponde, muliike patebulo, mulifunse mafunso. Mwalowa mtedza wochuluka bwanji, ndipo wotayika posankha ndi pokazinga ndi wochuluka bwanji? Botololo, chitsekerero chake ndi pepala lomatapo mwagula kuti, pa mtengo wanji? Ngati zimachokera kunja, kumbukirani kuti mu November 2023 ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti nthawi imodzi, ndipo woweruza aliyense amene anali pa bizinesi nthawi imeneyo adzafuna kuona kuti phindu lanu lingatsale bwanji zoterezi zitachitikanso. Magetsi akazima makina akupera, mudzatani? Mtedza umatsika mtengo pa nthawi yokolola n'kukwera pamene chaka chikupita, ndiye mukafuna kugula wa chaka chonse pa nthawi yotchipayo mufunika mpamba waukulu ndi malo ouma osungira. Malo akakhala achinyezi mtedza umachita chuku, chimene chimabweretsa poizoni wotchedwa aflatoxin, ndipo chiponde chotero sichingavomerezedwe ndi a Malawi Bureau of Standards. Pulani ya chiponde yosatchula nkhani ya chuku imaonetseratu kuti olembawo sanalankhulepo ndi munthu amene amagwira ntchitoyi.

Chinanso chimene ophunzira amachiiwala n'chakuti mlimi amafuna ndalama yake pompopompo, pamene masitolo akuluakulu nthawi zambiri amalipira patapita milungu katundu atalandiridwa. Bizinesi ikhoza kuoneka yaphindu papepala koma n'kufa chifukwa m'thumba mulibe ndalama yogulira mabotolo a mwezi wotsatira. Sonyezani mwezi ndi mwezi ndalama yolowa ndi yotuluka, ngakhale miyezi ina ikuoneka yomvetsa chisoni.

Ngati mungathe, pangani mabotolo ochepa mugulitse kwa anthu amene si abale anu, mulembe amene abweranso kudzagula kachiwiri. Umboni umenewo umalemera kuposa kuyerekeza kwa zaka zisanu kokongoletsedwa pa kompyuta.

Wazamalamulo Pang'ono anayankha:

Pa funso lachitatu, yankho lili m'malamulo a mpikisanowo, ndipo muwawerenge onse musanasainire. Mipikisano ina ya makampani imanena kuti polowa mwailola kampaniyo kugwiritsa ntchito zimene mwapereka popanda kukulipiraninso, ndipo oweruza kawirikawiri salonjeza kusunga chinsinsi. Dziwaninso kuti ganizo palokha, monga loti mupange chiponde, lamulo silimaliteteza. Chimene chingatetezedwe ndi dzina la malonda anu, kapena luso latsopano ngati mwatulukira makina kapena kapangidwe kena kamene kanalibepo. Luso lotero mukaliulula pagulu musanalembetse, mukhoza kutaya mwayi wopeza patent, chiphaso chotsimikiza kuti lusolo ndi lanu, kaya kuno kwathu kapena kudzera ku ARIPO, bungwe la maiko a mu Africa lolembetsa luso lotere, ku Harare. Mugwirizanenso atatunu polemba kuti mphoto mudzagawana bwanji, ndiponso kuti wina akadzasiya gawo lake lidzapita kuti.

Wachaka Chachitatu anayankha:

Zikomo kwambiri nonse. Tawerenganso malamulo ndipo taona kuti mutu ndi womasuka, koma mphoto ya ndalama ndi ya gulu loyamba lokha. Kodi amene sanapambane amatsala ndi kanthu?

Mphunzitsi Wopuma anayankha:

Amatsala nako, ngati anagwira ntchito imene a Wowerengera Ndalama afotokozayo. Mu 1998 gulu la Tom Leighton ndi Danny Lewin linalowa mpikisano wa mapulani a bizinesi ku MIT, sukulu ya ukachenjede ya ku America, linafika ndime yomaliza koma silinatenge mphoto yoyamba, komabe chaka chomwecho anakhazikitsa Akamai, kampani imene inadzakula kwambiri pa ntchito yofulumizitsa intaneti. Sindikunena kuti aliyense wogonja amatero, ambiri mapulani awo amathera m'kabati. Koma mafunso a oweruza ndi uphungu umene mukanaulipira ndalama zambiri kwina, choncho mmodzi wa inu aziwalemba onse pamene enawo akuyankha, ndipo mukatha mupemphe ndemanga zawo zolembedwa.

Musaderere chiponde poganiza kuti oweruza amangofuna za makompyuta. Gulu la ophunzira a ku McGill University ku Canada linapambana Hult Prize mu 2013 ndi pulani yoweta tizilombo todyedwa, chinthu chimene kwa ife odya ngumbi ndi mphalabungu si chachilendo n'komwe. Za mayesozo, kambiranani ndi mphunzitsi wanu wa phunziro la zamabizinesi ngati angalole kuti pulani yomweyo ikhalenso ntchito ya m'kalasi, ndipo akakana, mayeso ndiwo atsogole, popeza mipikisano yambiri yotereyi imabweranso chaka chamawa.