Bhaki (galimoto ya pikapu) yotsitsa katundu panjira ya njinga ku Braamfontein, mumzinda wa Johannesburg, lamulo likuti chiyani?

Wa ku Dedza:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndimakhala ku Yeoville, ndipo kuntchito ku Auckland Park ndimapita pa njinga yakapalasa, kudzera kanjira kobiriwira ka njinga ka ku Braamfontein kaja. Lachiwiri m'mawa ndinapeza bhaki itaima pakanjirako, anyamata akutsitsa makatoni a mafuta ophikira. Pomwe ndimati ndiilambalale, minibasi inali itafika kale kumbuyo kwanga. Galasi lake linandimenya chigongono, ine khu! pansi, hendulo n'kupindika. Dalaivala wa bhakiyo akuti iye alibe mlandu poti anayatsa ma hazard. Kodi n'zoona zimenezi? Mkono ukadali wotupa mpaka lero, masiku atatu osapita kuntchito.

Chemwali wa ku Rosettenville:
Pepani achimwene, pitani kuchipatala akauone mkonowo. Ife a m'basi zimatipezanso. Lole ikaima pa siteji, basi imakutsitsirani pakati pa msewu, mwana kumsana, chikwama m'manja, galimoto zikudutsa mbali zonse.

Bambo a bhaki yoyera:
Achimwene, pepani ndithu. Ine ndimayendetsa bhaki, ndimanyamula katundu wa abale athu wopita kumudzi kukamusiya ku mabasi cha ku Park Station, ndiye nkhaniyi ndi yanga. Ma hazard si chilolezo, mnzathuyo anakunamizani. Muziyang'ana m'mphepete mwa msewu. Mzere wofiira ndiye kuti osaima n'komwe, ngakhale kwa mphindi imodzi. Wachikasu ndiye osapakapo galimoto. Malo otsitsira katundu amawajambula ndi penti yachikasu, pakati pali chilembo L chachikulu. Ukalakwitsa a JMPD, apolisi a mzinda wa Johannesburg, amatha kukulembera tikiti, mwinanso kuikoka galimotoyo ukakaiwombole.

Koma ndisakubisireni, pa L paja nthawi zambiri timapeza galimoto yaing'ono itapakidwa kuyambira m'mawa, mwini wake ali mu ofesi. Iwe uli ndi firiji, mashangani asanu ndi limodzi ndi matiresi, mwini katundu akuti basi ikunyamuka. Ndinaimapo panjira ya njinga ine, sindikana. Ndinasiya tsiku lomwe ndinaona pagalasi mnyamata wina akukhotera kutsogolo kwa basi chifukwa cha ine. Pano ndimazungulira kawiri katatu, kapena ndimaima patali n'kulipira wa trolley.

Malume a ku Turffontein:
Mphwanga, tinjira timeneto anatimanga nthawi ya meya Parks Tau. Herman Mashaba atalowa umeya mu 2016 anaimitsa zomanga tina. Taonani msewu wa mabasi a Rea Vaya, omwe anayamba mu 2009: pomwe anautchinga ndi timabampu galimoto zimachita manyazi kulowamo, koma kanjira ka njinga kopanda chotchinga aliyense amakapondaponda. Nambala ya bhakiyo munailemba?

Wa ku Dedza:
Ndinaijambula pa foni, malume, pamodzi ndi pomwe inaima. Mawa ndiyamba ndapita ku kiliniki, kenako kupolisi. Bambo a bhaki, zikomo polankhula mosabisa.