Shoko yakumbuyo ya njinga yamoto ikudontha oilo: ndithiremo wina kapena ndigule yatsopano?

Wakabaza wa ku Mitundu

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi njinga yamoto ya 150cc, ya mashoko awiri kumbuyo. Ndakhala nayo zaka ziwiri ndi theka, ndimanyamula anthu kuchokera pa Mitundu kulowera kumidzi. Mvula itangosiya chaka chino, shoko yakumanzere inayamba kunyowa. Poyamba ndinkayesa matope. Ndinapukuta ndi kasanza madzulo, koma mawa lake nditangoyenda maulendo awiri ndinapeza kandodo konyezimira kamene kamalowa ndi kutuluka mu shoko kali noninoni, fumbi litamatirira mpaka pa spiring'i. Panopa ndikaponda bampu njinga imadumpha kawiri katatu isanakhazikike, ndipo ndikanyamula munthu wathupi ndimamva "gu!" pansi pa mpando. Dzana ndinatenga mayi wina ndi dengu la tomato, pofika pamsika tomato wapansi yense anali ataphwanyika. Zinandiwawa kwambiri chifukwa mayiwo ndi kasitomala wanga wa masiku onse.

Mnzanga wapasiteji akuti ndingoboola kabowo ndi drilo, ndithiremo oilo wa injini, nditseke ndi sikuluwu, basi yachira. Ndalama yogulira mashoko atsopano ndilibe, yonse yapita ku fizi ya mwana. Alipo amene anayesapo zimenezi? Nanga oilo woyenera ndi uti, ndipo amathira wochuluka bwanji?

Makaniko wa ku Biwi

Achimwene, musanakhudze drilo dzifunseni kuti oilo anali mkatiyo watulukira pati. Watulukira pa silo, kamphira kozungulira kamene kamagwira kandodo kaja. Mukathira wina osasintha silo, naye atulukira pomwepo, mwina sabata isanathe. Ine anthu otere amabwera kwa ine kawirikawiri, atathira kale katatu, shoko ili ndi mabowo ngati sefa.

Choyamba chotsani shokoyo pa njinga, ndi mabawuti awiri okha, wapamwamba ndi wapansi. Muitsuke ndi parafini kenako muyendetse chikhadabo pa kandodo konse, makamaka mbali imene imalowa ndi kutuluka. Chikhadabo chikamakodwa, kapena mukaona timadontho ta dzimbiri pamene utoto wonyezimira wasupuka, ndiye kuti kandodo kameneko ndi kamene kakudya silo. Silo yatsopano nayo kaidya. Pamenepo musataye ndalama, shokoyo yatha. Chimodzimodzi ngati kandodo kapindika, mumaona mukakazunguliza.

Kandodo kakakhala kosalala, yang'anani pakamwa pa chubu pamene kamalowera. Mashoko ena ali ndi chivindikiro cha mazinga, chokhala ndi timabowo tiwiri togwirapo pomasula. Amenewo amakonzeka bwinobwino. Ena anachita kupinda chitsulo pakamwa ku fakitale, osati kuti adzatsegulidwenso, ndipo ambiri a njinga zathu za kabaza ndi otero.

Ikakhala yomasuka, spiring'i ndiye yoyamba kuchoka, ndipo apa chenjerani. Muyambe mwabwezera kachitsulo kolimbitsira spiring'i pa sitepe yofewa kwambiri. Kenako ifinyeni ndi chofinyira chake, ngati mulibe mangani malamba awiri a ratchet, omangira katundu aja, mbali ino ndi inayo, muzikoka mosinthanasinthana. Zomakanikiza ndi ma screwdriver wina atapondapo, ayi. Ndinaonapo mnyamata atang'ambika mlomo spiring'i itapulumuka.

Oilo wakale mumukhuthulire m'kapu, muzipopa kandodo mpaka asiye kutuluka. Mupeza ali wakuda bii, akununkha ngati wopserera, nthawi zina wotuwa ngati mkaka chifukwa cha madzi. Popeza yakumanzereyo yadontha kale, muyeso muutenge ku yakumanja imene sinataye: khuthulani, yezani ndi jakisoni wamkulu wa ziweto uja, ndipo muthire womwewo mbali zonse ziwiri. Ndi oilo wochepa zedi, sadzaza ndi kapu ya tiyi yomwe. Musadzaze mpaka pakamwa. Kandodo kakamalowa kamafuna malo, ndiye mukadzaza thothotho shoko imauma gwa kapena kuphulitsa silo tsiku lomwelo.

Oilo wa injini, monga 20W-50 amene mumathira mu njingayo, ndi wolemera kwambiri. Mkati mwa shoko muli pisitoni ya timabowo ting'onoting'ono, ndipo ntchito yonse yoletsa kudumpha imachitika oilo akamadutsa m'timabowo timeneto. Wolemera amachedwa kudutsa, makamaka m'mawa wa mu June kukuzizira, shoko imakhala ngati mwaikapo mtengo. Gulani fork oil, oilo wa mafoloko akutsogolo, wa 10W kapena wopepukirapo. Akasowa, ATF wofiira uja wa magiya a galimoto za otomatiki amathandizako. Mukathira, popani pang'onopang'ono kangapo kuti mpweya wa mu pisitoni utuluke, kenako mutseke. Silo yakale mupite nayo kusitolo m'manja kuti akupatseni ya saizi yomweyo.

Mlimi wa ku Mponela

Ine zoboolazo ndinachitapo, ndiye ndinene zimene ndinaona. Yanga inali yosamasuka. Ndinaboola kabowo kakang'ono chakumunsi, ndinapopa oilo wakale, ndinathira ATF ndi jakisoni, n'kutseka ndi sikuluwu yopaka guluu wa zitsulo. Masabata atatu oyamba njinga inkayenda bwino moti ndinkadzitama kwa anzanga. Kenako inayambanso kunyowa, osati pa sikuluwu yanga, koma pamwamba pomwe pankadontha kale. Titaidula ndi sowo kuti tione, tinapezamo tizidutswa ta chitsulo ta drilo titakanda chubu mkati. Ndiye ngati mwapanikizika kwenikweni, njirayi ikhoza kukufikitsani kumapeto kwa mwezi, koma pakani girizi pa nsonga ya drilo kuti tizitsulo tizimatirira pamenepo. Ndipo musalole wina kutseka bowolo ndi wedilo, kutentha kumapsereza mphira zamkati.

Chinanso, achimwene, tiziulula. Yanga inaphedwa ndi matumba. Nthawi yokolola ndinkamanga matumba atatu a chimanga a 50 kg kumbuyo, spiring'i ili pa sitepe yofewa, shoko n'kumagunda pansi pa dzenje lililonse. Inunso ku Mitunduko ndikudziwa kuti soya ndi mtedza mumanyamula.

Mayi wa Pulsar, Blantyre

Ndiwonjezepo chimodzi chifukwa ena awerenga izi ali ndi njinga zosiyana ndi yanu. Shoko ikakhala ndi kabotolo pambali, ngati za Nitrox za pa Bajaj Pulsar, kapena ikakhala imodzi yokha pakati pa njinga, nthawi zambiri mkati muli gasi wa nayitrojeni wopanikizidwa mwamphamvu. Imeneyo musaiboole, musaiyandikize ku moto. Oilo ndi tizitsulo zimakuthirani m'maso. Kukonza kwake kumafuna munthu wodziwa kutulutsa gasi ndi kumuthiranso. Bambo a ku Mitundu, muonenso mphira za m'maso mwa shoko momwe mumalowa mabawuti. Zikatha, "gu!" ameneyo amamvekabe ngakhale shoko ikhale yatsopano.

Wakabaza wa ku Mitundu

Zikomo nonse. Lero masana ntchito itachepa ndinazichotsa zonse ziwiri pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Kabotolo ka gasi palibe. Mwayi wanga, zili ndi chivindikiro cha timabowo tiwiri chimene mwanena, akulu a ku Biwi. Chikhadabo sichinakodwe paliponse, kungoti kamphira kotchinga fumbi kanang'ambika, ndipo pansi pake panali mchenga wofiira wochita kuuma ngati simenti. Mphira ya bawuti wapansi nayo yatha mbali imodzi, mayi munanena zoona. Za matumba sindikana, chaka chatha ndinanyamula soya wambiri.

Loweruka ndikwera basi kupita m'tauni ndi mashoko onse awiri m'thumba. Spiring'i sindichotsa ndekha, malambawo ndilibe. Akulu, fork oil botolo limodzi likwanira zonse ziwiri, eti? Wotsala ndikufuna ndidzathire ku mafoloko akutsogolo, nawonso sanasinthidwepo chigulireni njingayi.