Mwambi wa Asomali uwu ukutanthauzanji: khala phiri, apo ayi tsamira phiri?

Wa pa Kauntala

Abale ndithandizeni pali mwambi wandizunguza mutu, ndi wa Chisomali, amati "Ama buur ahaw ama buur ku tiirsanaw", ndinachita kupempha andilembere kuseri kwa risiti kuti ndisaphonye. Akuti tanthauzo lake nloti khala phiri, apo ayi tsamira phiri. Ine ndimagwira pa shopu ya Msomali kuno ku Joni, nde tikapita kukaoda katundu ku Mayfair abwana amayamba akhala kaye pa tiyi ndi anzawo, tiyi wawo wa mkaka ndi zonunkhira uja amati shaah, akayamba zandale zakwawo mutha kuganiza kuti agwirana pakhosi pomwe akungocheza, eni akewo amadziseka okha amati fadhi ku dirir, eti kumenya nkhondo uli chikhalire kkkk. Chondidabwitsa nchoti anthu awiri otsutsana onse amaponya mwambi womwewu, wina akuikira kumbuyo boma la ku Mogadishu kuti lachita bwino kugwirana ndi Turkey, winayo akunyoza boma lomwelo ndi mwambi womwewo. Nde kodi ndi langizo kapena ndi chitonzo? Kwa ine ukumveka ngati ukuphunzitsa munthu kumangodziphatika kwa amphamvu basi. Amene munakhalako nawo anthuwa tandimasulireni.

Mnyamata wa ku Dowa

Aise imeneyo ndi yathu ija yoti ukakhala pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame. Ife tinakula tikugula kwa Asomali a ku Dzaleka, miyambi yawo ndi yathu sizisiyana kwenikweni

Mphunzitsi Wopuma

Ayi mwana wanga wa ku Dowa, siyofanana. Wa njovuwo ukulankhula kwa munthu amene wakwera kale, ukumuchenjeza kuti asaiwale anzake akunyowa pansi. Wa Asomaliwu ukulankhula kwa munthu amene ali pansi mamewo akumunyowetsa, ukumuuza kuti njira zilipo ziwiri zokha, yachitatu kulibe.

Kuti muumve bwino ganizani kumene unabadwira. Asomali ambiri kalelo anali oweta ngamila, mbuzi ndi nkhosa, oyendayenda kufuna madzi ndi msipu m'dziko louma, kopanda polisi kopanda khoti la boma. Chomwe chinkateteza munthu ndi abale ake a mbali ya bambo. Pa malamulo awo a makolo amene amati xeer, munthu akapha mnzake mlandu sukhala wa iye yekha, gulu lonse la abale ake limasonkha chipepeso chimene amati mag, ndipo muyezo wodziwika wa mwamuna ndi ngamila 100. Nde taganizani munthu wopanda gulu lotere, akamulanda chitsime adandaula kwa ndani, akamupha amulipiritsa ndani? Palibe amene angamuope. Nchifukwa chake timagulu tochepa tinkapita kukadziphatika ku fuko lalikulu, kumatchulidwa dzina la fukolo kuti titetezeke, zimenezo amati sheegad. Phiri mu mwambiwu ndi fuko lokhala ndi amuna ambiri ndi ziweto zambiri. Ndiye si nkhani yosekerera mabwana ayi, ndi nkhani ya moyo ndi imfa, ukungonena mmene zinthu zilili kuti munthu woima yekha m'chipululu sachedwa kutha.

Wa pa Kauntala

Zikomo aphunzitsi, apo ndamva. Koma nanga pa ndale za lero zikulowa bwanji, poti anthuwa sakamba za ngamila, amakamba za Turkey, Ethiopia, Emirates, America

Mphunzitsi Wopuma

Zikulowa chifukwa dziko lawo lakhala likuchita zomwezo kuyambira pomwe linalandira ufulu mu 1960, ndipo linapsa nazo. Siad Barre atalanda boma mu 1969 anatsamira Soviet Union, mu 1974 anasainirana pangano la ubwenzi, zida zinabwera zambiri mpaka asilikali a Somalia nkukhala m'gulu la amphamvu mu Africa. Mu 1977 analowa m'chigawo cha Ogaden ku Ethiopia komwe kumakhala anthu olankhula Chisomali, poyamba zinkamuyendera, koma a Soviet anatembenuka nkukathandiza Mengistu mtsogoleri wa Ethiopia, anabweretsa zida ndi asilikali a ku Cuba, pofika March 1978 Somalia inali itabwerera chimanjamanja. Barre anali atathamangitsa kale alangizi a Soviet mu November 1977, kenako mu 1980 anapatsa America mwayi wogwiritsa ntchito doko ndi bwalo la ndege ku Berbera, malo omwewo amene a Soviet ankagwiritsa ntchito. Nkhondo ya mawu ya America ndi Soviet itazilala nayenso America analibe naye ntchito, January 1991 Barre anathawa mu Mogadishu boma nkugweratu.

Nde madala amene mumawaona pa tiyiwo ambiri zimenezi anaziona ndi maso. Wina akamati Turkey ndi phiri labwino ali ndi zifukwa zake, Erdogan mtsogoleri wa Turkey anapita yekha ku Mogadishu mu 2011 nthawi ya njala pomwe atsogoleri ena ankaopa kupondako, mu 2017 Turkey inatsegula malo akulu ophunzitsira asilikali konko. Winayo akamaponya mwambi womwewo monyoza akutanthauza kuti tinatsamirapo kale phiri lina linanyamuka, bwanji osayesako mbali yoyamba ija yoti tikhale phiri ifeyo. Mwambiwo uli ndi mbali ziwiri ndiye aliyense amagwira mbali yomwe ikumukomera. Ine ndimaona kuti wonyozayo ndi amene akuuwerenga bwino, poti mwambiwo unayamba ndi kukhala phiri, kutsamirako kunabwera pambuyo ngati njira ya wolephera.

Che Mangochi

Assalam alaikum nonse. Aphunzitsi mwafotokoza bwino koma mbali ya chipembedzo mwaisiya ndipo kwa Msomali simungaisiye imeneyo, pafupifupi onse ndi Asilamu. Ine ndimaswali nawo ku Bellville kuno ku Cape Town ndipo ndinamvapo shehe wina wa Chisomali akuukana mwambi umenewu poyera. Anakumbutsa nkhani ya mwana wa Nuhu mu Qur'an, Surat Hud, chigumula chitayamba bambo ake anamuitana kuti akwere chombo, iye nkuyankha kuti ndithawira ku phiri linditeteza ku madzi, Nuhu anamuuza kuti lero palibe woteteza ku lamulo la Allah kupatula amene wamuchitira chisoni, funde linadutsa pakati pawo mwanayo nkumira. Nde shehe uja amati amene amatsamira fuko kapena dziko lachilendo ndi ameneyo mwana wa Nuhu. Anthu anangoti zii mu mzikiti koma potuluka aliyense anapita kukamwa tiyi ndi a fuko lake kkkk. Komabe achimwene a pa kauntala musaone ngati ndi chinyengo chabe, mu 2008 mashopu awo akuotchedwa m'malokeshoni muno, ifenso tikuthawa, amene anawadzutsa ndi abale awo omwewo, kusonkherana ndalama munthu nkutsegulanso shopu kwina. Ife Amalawi ambiri tinangokwera mabasi kubwerera kumudzi chimanjamanja.

Mnyamata wa ku Dowa

Che Mangochi apo mwalasa, ifenso ku tchalitchi timaimba za kukweza maso ku mapiri mu Salimo 121 koma yankho lake limati thandizo lichokera kwa Yehova osati ku phiriko. Chabwino aphunzitsi ndagonja za njovu zija

Mayi wa ku Leicester

Ndakhala ndikungowerenga koma ndilowepo. Kuno ku Leicester Asomali ndi ambiri, ena anachita kusamuka ku Netherlands zaka za m'ma 2000 zoyambirira, ndimagwira nawo ntchito yosamalira okalamba ndipo mnzanga wapamtima ndi mayi wa Chisomali. Nonse mwakamba za amuna a pa tiyi, azimayi mwambiwu amaumva mwina. Mnzangayo ndinamufunsa dzulo titaweruka, anaseka kaye nkundiuza kuti phiri la Somalia si Turkey si America, ndi iyeyo ndi anzake amene akusintha matewera a azungu okalamba usiku, poti mwezi ukangotha foni siyikhala chete, sukulu fizi ya ana a mlongo wake, mankhwala a mayi ake, maliro, chilala chikagwa ndiye zinanso. Ndipo sakunama, ndalama zomwe Asomali akunja amatumiza kwawo zimapitirira 1 biliyoni ya madola pachaka, zimadutsa mmakampani awo otumizira ndalama amene amafika mpaka kumidzi komwe kulibe banki. Eti wotsamiridwa samufunsa ngati msana ukuwawa. Amene mumatumiza kumudzi mwezi ndi mwezi ndikudziwa mwamva kuwawa kwake.

Za fuko zija aphunzitsi musaziike ku mbiri yakale zokha, zili mu boma lenilenilo lero. Kuchokera pa msonkhano wa ku Arta ku Djibouti mu 2000 mipando amagawana pa njira yomwe amati 4.5, mafuko akuluakulu anayi, Darod, Hawiye, Dir ndi Digil-Mirifle, lililonse limatenga mipando 61 mu nyumba ya malamulo ya mipando 275, mafuko ang'onoang'ono onse pamodzi nkugawana 31 yotsalayo. Tangoganizani kuwerengedwa kuti ndinu theka. Asomali amene amati a Bantu, ena mwa iwo makolo awo anatengedwa ukapolo kuchokera mbali zathu zino za Tanzania, Mozambique ndi Malawi nkukakhala kuchigwa cha mtsinje wa Jubba, ali mu theka limenelo. Kwa iwowo mwambi wa phiriwu sungakome mkhutu ngati mmene umakomera kwa munthu wa fuko lalikulu, chifukwa otsamira nthawi zonse akhala iwowo. Ana obadwira kuno ambiri zamafukozi amanyansidwa nazo, amakangana ndi makolo awo pa WhatsApp kuti qabiil, kutanthauza zamafukozi, ndi imene inapha dziko, koma chisankho chikayandikira ku Mogadishu ndalama za kampeni zimasonkhedwa konkuno mmagulu a mafuko omwewo. Ndipo akunjawa si ongoonerera, Farmaajo amene anali pulezidenti kuyambira 2017 mpaka 2022 anachokera ku Buffalo ku America komwe ankagwira ntchito ya boma.

Wa pa Kauntala

Mayi mwanditsegula mmaso, za theka zija sindimadziwa. Funso lina, abwana anga akatopa kukangana amayatsa ndakatulo pa foni, munthu mmodzi kumangolakatula mphindi zambirimbiri popanda ng'oma popanda gitala, onse ziii kumvetsera, nthawi zina mkangano umathera pompo. Zikugwirizana ndi za miyambizi?

Mayi wa ku Leicester

Kwambiri achimwene. Chisomali chinayamba kulembedwa mwalamulo ndi zilembo zomwe tikugwiritsa ntchitozi mu 1972, kale lonselo mbiri, milandu, ndale zonse zinkasungidwa pamtima kudzera mu ndakatulo ndi miyambi, nde kwa iwo munthu wodziwa kuyala mawu ndi munthu woopsa. Ali ndi mwambi wina woti Msomali atha kunama koma bodza saliika mu mwambi, ndiye mukaona munthu waponya maahmaah, ndiye mwambi mu Chisomali, pa mkangano dziwani kuti waponya umboni, winayo kuti apambane akuyenera kubweza ndi mwambi wina kapena kuutembenuza womwewo, zomwe mukuona pa tiyizo. Yomwe mumamvayo mwina ndi gabay, ndakatulo yaitali ya amuna yomwe mzere uliwonse umayenera kukhala ndi mawu oyamba ndi liwu limodzimodzi kuyambira poyamba mpaka pothera, azimayi ali ndi yawo buraanbur imene amavina pa ukwati. Nthawi ya Barre alakatuli ankayankhana pa makaseti, wina kujambula yake kutumiza, wina kuyankha ndi liwu lomwelo, makaseti nkumazungulira mobisa mpaka ku Djibouti ndi kwa Asomali ogwira ntchito ku maiko a Aluya. Mlakatuli wawo wotchuka Hadraawi amene anamwalira ku Hargeisa mu 2022 anakhala mndende kuyambira 1973 mpaka 1978 chifukwa cha zolemba zake. Lero makaseti aja ndi YouTube ndi mavoisi noti.

Mphunzitsi Wopuma

Mayi mwandiwongola bwino pa za theka zija. Kungowonjezera, achimwene a pa kauntala muyambe mwadziwa kuti abwana anuwo kwawo nkuti musanalowerere nkhanizi. Munthu wa ku Hargeisa, likulu la chigawo chakumpoto cha Somaliland, adzakuuzani kuti Somaliland ndiye inasankha kukhala phiri, mzinda wawo unaphulitsidwa ndi ndege za boma la Barre mu 1988, anadzipatula pa 18 May 1991, akuluakulu a mafuko nkukhala pansi ku Borama mu 1993 kukonza mtendere okha popanda asilikali akunja. Wa ku Mogadishu adzayankha kuti phiri lanji lomwe pa 1 January 2024 linasainirana ndi Abiy Ahmed nduna yaikulu ya Ethiopia kuti lipatse Ethiopia gombe la nyanja posinthana ndi kuzindikiridwa ngati dziko, kumeneko si kutsamira komweko? Wa ku Hargeisa nkubwezanso kuti inu amene akukulonderani ndi asilikali a maiko ena ngati Uganda kuyambira 2007 musatiphunzitse za mapiri. Ndipo mkangano wa gombe uja amene anakaukhazika pansi ku Ankara mu December 2024 ndi Erdogan yemweyo.

Wa pa Kauntala

Kkkkk aphunzitsi abwana anga ndi a ku Kismayo, amanyoza onse awiri, Hargeisa ndi Mogadishu yomwe, amati chigawo chawo cha Jubaland chiziyendetsa zake. Mawa tikukaoda ku Mayfair ndikawaponyera nkhani ya mwana wa Nuhu ija ndione ngati ali ndi mwambi wobwezera. Che Mangochi ndi vesi chani mu Surat Hud, asakandigwire bodza

Che Mangochi

Aya 42 ndi 43 achimwene, koma dikirani akulipireni kaye ya mwezi uno