Kodi liwiro la intaneti ya 1 Gbps ndingaliyeze bwanji kuti ndidziwe zoona zake?

Akuluakulu ndi anzanga nonse a pagulu pano, ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa mtendere kwa milungu itatu tsopano, ndipo ndikupempha inu amene mumadziwa za manetiweki kuti mundiunikire.

Mwezi watha ndinalumikizitsa intaneti ya fiber kunyumba, ndipo pangano langa ndi kampani likunena kuti liwiro lake ndi 1 Gbps, kutanthauza 1000 Mbps (mamegabiti pa sekondi). Ine ntchito yanga ndi yokonza mavidiyo, moti tsiku lililonse ndimalandira ndi kutumiza mafayilo akuluakulu, ndipo liwiro likatsika ntchito yonse imaima. Chimene chikundivuta n'chakuti ndikayeza sindipeza nambala imodzi. Pa foni, nditaima pafupi ndi rauta, pulogalamu yoyezera liwiro ya Speedtest imandionetsa pafupifupi 500 Mbps, koma ndikangolowa m'chipinda chogona imatsikira ku 70. Pa laputopu, ngakhale nditailumikiza ndi chingwe ku rauta, imaima pa 94 Mbps nthawi zonse, osakwera kapena kutsika. Pa kompyuta yaikulu yogwirira ntchito m'mawa ndimapeza 930, pamene madzulo ena ndimapeza 600 yokha. Komanso ndikamatsitsa fayilo kuchokera ku seva ya kasitomala wanga amene ali kutsidya la nyanja, browser imalemba 30 MB/s basi.

Dzulo ndinatsala pang'ono kuyimbira kampani kuti ndidandaule, koma mtima unandiletsa chifukwa sindikufuna kunamizira anthu pamene mwina vuto lili m'nyumba mwanga momwemuno. Kodi mwa manambala onsewa, yoona ndi iti? Nanga pali njira yoyezera imene ndingaikhulupirire, yoti ndikapita nayo kukampani asandibweze?

Yankho loyamba:

Akulu, mwachita bwino kudekha, chifukwa manambala mwatchulawa akufotokoza zinthu zosiyanasiyana, ndipo ambiri sakukhudza kampani n'komwe. Pa liwiro ngati limeneli, chipangizo chimene mukuyezera chimayamba kulephera intanetiyo isanafike pomwe imathera.

Ndiyambe ndi 94 ya pa laputopuyo, chifukwa ife amene timakoka zingwe za netiweki timaidziwa bwino nambala imeneyi. Ikusonyeza kuti laputopu ndi rauta zagwirizana kulankhulana pa 100 Mbps m'malo mwa 1000. Chingwe cha Ethernet chili ndi timawaya 8 mkati. Liwiro la 1 Gbps limafuna kuti tonse tikhale tabwino, pamene 100 Mbps imangofuna 4, choncho kawaya kamodzi mwa 4 totsalato kakaduka kapena kakapanda kugwira bwino pamutu pa chingwe, intaneti imagwirabe ntchito koma imatsikira ku 100 popanda kukuchenjezani. Lowani m'masetingi a netiweki muone liwiro limene zalumikizirana, kenako yesani chingwe china cha Cat5e kapena Cat6. Ngati laputopuyo mumailumikiza kudzera pa adaputa ya USB, onaninso ngati adaputayo ndi ya gigabit, chifukwa zambiri zotsika mtengo zimathera pa 100, ndipo polowetsa pa USB 2.0 sipangapitirire 480 Mbps ngakhale zonse zitakhala bwino.

Ponena za 930, musadandaule kuti 70 yapita kuti. Zinthu zimayenda pa chingwe m'timaphukusi ta mabayiti 1500, ndipo gawo lina la kaphukusi kalikonse limanyamula maadiresi ndi zizindikiro zoyendetsera, osati fayilo yanu. Chifukwa cha zimenezi, polowetsa chingwe pa 1 Gbps sipatulutsa kuposa pafupifupi 940 Mbps poyeza. Munthu amene wapeza 930 walandira zonse zimene analipira.

Manambala a Wi-Fi aikeni pambali. Foni ikhoza kulemba kuti yalumikizidwa pa 866 Mbps, koma zimene zimadutsa zenizeni zimakhala zocheperapo ndithu, ndipo khoma limodzi kapena kusamukira ku mafunde a Wi-Fi a 2.4 GHz kuchoka ku a 5 GHz kumaligwetseratu liwirolo.

Langizo langa lalikulu ndi lakuti muyambe mwayeza nyumba yanu musanayeze kampani. Ikani pulogalamu ya iperf3 pa makompyuta awiri olumikizidwa ndi zingwe ku rauta. Pa imodzi lembani iperf3 -s, pa inayo iperf3 -c n'kutsatiza adiresi ya pa netiweki (IP) ya yoyambayo, ndipo muwonjezere -R kuti muyezenso mbali yobwerera. Kuyeza kumeneku sikutuluka m'nyumba, ndiye ngati simukufika pafupi ndi 940, vuto lili pa zipangizo zanu.

Yankho lachiwiri:

Ndikugwirizana ndi zonse zanenedwazi, koma ndiwonjezere pa 30 MB/s ija. Chilembo chachikulu B chikuimira mabayiti pamene chaching'ono chikuimira mabiti, ndipo bayiti imodzi ndi mabiti 8, choncho 30 MB/s ndi 240 Mbps. Liwiro lonse la 940 Mbps likanaoneka ngati 117 MB/s.

Chifukwa chake simukufikako ndi mtunda. Kompyuta yotumiza siyingotumiza mosalekeza. Imadikira kuti yolandira itsimikize kuti zafika. Ngati ulendo wopita ndi kubwera ku seva imeneyo ukutenga 200 ms (gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi), kuti 1 Gbps idzaze pafunika kuti zinthu zokwana 25 MB zikhale zili m'njira nthawi imodzi, ndipo kaphukusi kamodzi kakatayika TCP, njira imene makompyuta amatsatira potumizirana zinthu, imatsitsa liwiro n'kuyambanso kukwera pang'onopang'ono. Maseva ambiri amaikanso malire pa munthu mmodzi aliyense. N'chifukwa chake Speedtest imatsegula malumikizidwe angapo nthawi imodzi ku seva yapafupi, ngakhale ili ndi posankha kuti muyeze ndi kulumikiza kumodzi kokha. Fast.com nayo imayeza kuchokera ku maseva a Netflix, choncho siziyenera kufanana nthawi zonse. Yesani zonsezi, chifukwa iliyonse ikuyankha funso lake.

Nambala imene ine ndingaitsatire ndi 600 ya madzulo. Ngati fiber yanu ndi ya mtundu wa GPON, pafupifupi 2.5 Gbps yotsitsira imagawidwa kwa nyumba zingapo za pa chingwe chimodzi, ndipo madzulo anthu onse amakhala pa intaneti. Koma musanaganize zimenezo, zimitsani VPN, chotsani zipangizo zina zonse pa rauta, gwiritsani ntchito pulogalamu ya Speedtest yoika pa kompyuta m'malo mwa browser, ndipo muyang'ane ngati purosesa siyikufika pa 100% poyezapo. Onaninso ngati QoS, imene imasankha zoyenera kudutsa poyamba, ndi yoyatsa mu rauta, popeza marauta ena imawalemetsa mpaka kulephera kudutsitsa gigabit yonse. Mukatero, sankhani seva imodzi ndipo muziyeza m'mawa, masana ndi madzulo kwa masiku 7, mukulemba nthawi, liwiro lotsitsira, lotumizira ndi ping (nthawi ya ulendo wopita ndi kubwera ku seva). Dziwani kuti kuyeza kwa masekondi 10 pa liwiro limeneli kumadya kuposa 1 GB, ngati pangano lanu lili ndi malire.

Wofunsa:

Zikomo kwambiri nonse awiri. Nditayang'anitsitsa chingwe cha laputopu ndinapeza kuti chinaphwanyika pamalo pamene chitseko chimachipana, ndipo masetingi analembadi 100 Mbps. Nditasintha chingwe, iperf3 yandipatsa 941 Mbps mbali zonse ziwiri, ndipo mtima wanga wakhala pansi pa nkhani ya zipangizo. Usiku wapitawu nthawi ya 8 koloko, nditachotsa mafoni onse ndi TV pa rauta, ndinapeza 640 pa seva yomwe m'mawa inandipatsa 932, ndiye ndayamba kulemba monga mwanenera.

Chatsala chimodzi chimene sindikuchimvetsa. Ping imakhala 6 ms pamene palibe chikuyenda, koma ndikangoyamba kutumiza vidiyo yaikulu imakwera kupitirira 200 ms, ndipo mawu a munthu amene ndikulankhula naye pa intaneti amayamba kudukaduka. Kodi zimenezi ndiziphatikize pa dandaulo lopita kukampani, kapena ndi za mu rauta yanga zoti ndikhoza kukonza ndekha?