Drum sander ya zitseko za makabati: yotseguka mbali imodzi kapena ya madramu awiri?

Wamakabati:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ntchito yanga yambiri ndi zitseko za makabati zomata ndi guluu, m'lifupi mamilimita 400 mpaka 550, ndipo mwa apo ndi apo pamabwera tebulo la mamilimita 800. Pulena yanga imathera pa 330, ndiye ndikamata matabwa ndimasalaza ndi belt sander ya m'manja, ija yoyendetsa lamba wa sandipepa. Dzulo ndapaka vanishi zitseko zinayi, kuwala kutangogunda tizigwa tonse taonekera pamene dzanja linkachedwa. Zandipweteka mtima chifukwa ndinathera tsiku lathunthu pamenepo. Ndikufuna drum sander, makina osalaza ndi dramu yozungulira yokulungidwa sandipepa, thabwa likuyenda pa lamba pansi pake, koma ndaima pakati pa 16-32 yotseguka mbali imodzi ndi ina ya madramu awiri, yotseka mbali zonse, ya mainchi 25. Amene munazigwirapo, ndilowere kuti?

Madala wa Zitseko:
Achimwene, yambani mwamvetsa manambalawo. Pa 16-32, nambala yoyamba ndi kutalika kwa dramu, mainchi 16, omwe ndi mamilimita 406. Yachiwiriyo mumaipeza pokhapokha mutadutsitsa thabwa, kulitembenuza, n'kulidutsitsanso. Ndiye taonani zitseko zanuzo: pafupifupi chilichonse chidzafuna maulendo awiri pa sandipepa aliyense. Kutembenuzako n'kwabwino pa tebulo lobwera kamodzi pamwezi, koma pa ntchito ya tsiku ndi tsiku mudzatopa nako. Sankhani dramu yoti zitseko zanu zizilowa ulendo umodzi. Mwa zotseguka mbali imodzi, 19-38 imafika 483, sikukwanirani. 22-44 imafika 559, chitseko cha 550 chilowa koma mothina. 25-50 imafika 635, mpata ulipo, ndipo tebulo lija lilowa potembenuza.

Wamagitala:
Madala anena zoona. Ine ndiwonjezere chimene chinandilakwitsa nditangogula yanga. Makinawa si pulena. Pa ambiri a iwo, chogwirira chotsitsira dramu chikazungulira kamodzi dramu imatsika pafupifupi mamilimita 1.6, ndipo pa sandipepa wokhakhala wa nambala 80 simuyenera kupitirira kota ya kuzungulirako, kutanthauza 0.4. Pa 120 ndi 150, omwe ndi osalalirapo, muchepetsenso. Ine ndinkafulumira, ndinatsitsa theka lathunthu pa thabwa la gitala lomwe ndinali nditalifikitsa kale pa mamilimita 3. Mota inalira, sandipepa anatentha, thabwa linatuluka ndi mzere wakuda kuchokera uku mpaka uko, ndipo panalibenso chopala. Ngati mmato wanu umasiyana ndi mamilimita 2, vuto lili pa kamatidwe, konzani kumeneko kaye. Makina a kampani ya Jet ali ndi SandSmart, a kampani ya SuperMax ali ndi Intellisand, zonsezi zimachepetsa liwiro la lamba zokha mota ikalemedwa. Zimathandiza ndithu, koma sizichotsa kupserera kobwera ndi sandipepa wodzaza utomoni.

Wamakabati:
Zikomo nonse. Madala, chimene chikundiopsa pa yotsegukayo ndi mzere wapakati. Ndinaonapo tebulo la mnzanga lili ndi kangalande pomwe maulendo awiri aja anakumana. Kodi zimenezi zimapeweka, kapena ndi mmene makinawa alili?

Madala wa Zitseko:
Zimapeweka. Kangalande kamabwera nsonga ya dramu ya kumbali yotseguka ikakhala yotsika kuposa ya ku mota, chifukwa nsongayo imakumba pakati pa thabwa. Pa ntchito yotambalala mumakweza mbali yotsegukayo pang'ono zedi, ngati kukhuthala kwa pepala lolembapo. Mukatero pakati pamatsala kamtunda kosaoneka ndi maso, kamene sander ya m'manja imachotsa m'mphindi zochepa. Kamtunda kamachoka, koma ngalande imafuna kutsitsa tebulo lonse. SuperMax anaika kachitsulo kosinthira zimenezi msanga n'kubwezeretsa mukamaliza. Poyesa, tengani timatabwa tiwiri tofanana, kena mudutsitse kumanzere kena kumanja osakhudza chogwirira, kenako muyeze ndi caliper, chipangizo choyezera kukhuthala. Musadalire maso.

Wamashelefu:
Pepani Madala, ine ndisiyana nanu pang'ono. Ndili ndi ya madramu awiri ndipo sindingabwerere. Kutsogolo ndimaika 80, kumbuyo 120, thabwa likatuluka ntchito ziwiri zatheka. Dramu yogwiridwa mbali zonse siwerama ngakhale muilemetse, pamene yotsegukayo imalendewera mbali imodzi. Munthu wopanga zitseko 30 pa sabata nthawi imeneyi ndi yambiri. Tebulo la 800 sililowa, n'zoona, koma ine ndimasalaza zigawo ziwiri payokhapayokha, n'kumata mmato umodzi womaliza mosamala, basi.

Madala wa Zitseko:
Njira imeneyo ndi yabwino, sindikutsutsa. Koma muwauzenso kuti dramu yakumbuyo imafuna kuikidwa motsika pang'ono kuposa yakutsogolo, ndipo mukasintha nambala ya sandipepa muyenera kuikonzanso, apo ayi imodzi imangozungulira chabe kapena imapsereza. Mota yakenso ndi yaikulu, ayambe aona ngati mawaya a m'shopu mwawo angainyamule pamodzi ndi makina okoka fumbi.

Mayi wa Matabwa Odulirapo:
Achimwene Wamakabati, mwatchula makina awiri koma simunatchule chokoka fumbi. Muli nacho? Fumbi la drum sander si utuchi wa pulena, ndi ufa weniweni, wolowa m'mapapo. Pakamwa pake ndi mamilimita 100, ndipo vacuum yaing'ono ya m'shopu singakwanitse. Fumbi likapanda kukokedwa limatsalira pa thabwa ndi pa lamba, sandipepa amadzaza, thabwa limaterereka n'kuima pansi pa dramu, dramu n'kukumba pomwepo. Ya madramu awiri imakhala ndi pakamwa pawiri, ndiye imafuna mpweya wochuluka koposa.

China ndi guluu. Inu ntchito yanu yonse ndi yomata, choncho palani guluu wotuluka pa mmato musanalowetse thabwa. Akatentha amasungunuka, amakakamira pa sandipepa, ndipo thabwa lililonse lotsatira limalandira mzere wopserera pamalo omwewo. Paini amachitanso chimodzimodzi ndi utomoni wake. Khalani ndi mphira wotsukira sandipepa pafupi, komanso muzilowetsa thabwa mopendeketsa pang'ono kuti mmato usamadutse malo amodzi a dramu. Apa ndi pamene 25-50 ikuposa 22-44 kwa inu: chitseko cha 550 pa dramu ya 559 simungachipendeketse n'komwe.

Pokulunga sandipepa, m'mphepete musasanjikizane, musiye kampata kakang'ono. Watsopano amatamuka akatentha, ndiye mukadutsitsa matabwa awiri kapena atatu zimitsani mumukokenso.

Wamakabati:
Mayi, mwandigwira pamenepo. Ndili ndi vacuum yokha, ndiye chokoka fumbi chiyamba ndicho. Zitseko zanga sizipitirira 12 pa sabata, choncho liwiro la madramu awiri silindikopa kwenikweni, ndipo mawaya anga sangalole. Ndikupita ku 25-50. Funso lomaliza: ndikagula sandipepa wa 220 ndingamapake vanishi kuchokera pa makina pomwepo?

Wamagitala:
Ayi achimwene. Dramu imasiya timizere towongoka kutalika konse kwa thabwa, ndipo pa chitseko cha felemu timizereto timadutsa mopingasa pa matabwa a pamwamba ndi pansi, vanishi n'kutionetsa poyera. 220 amadzazanso msanga ndi kupsereza. Lekerani pa 120 kapena 150, kenako mutenge random orbital, sander ya m'manja yozungulira, muyambire pa nambala yomweyo imene mwalekera pa dramu, n'kukwera mpaka 180. Musanayambe lembani mizere ya pensulo pa chitseko chonse, ikafufutika yonse mwadziwa kuti palibe pamene mwadumpha.