Ndabwerako ku ulendo wa utumiki, mpingo ukufuna ripoti: ndikanene chiyani?

Membala wosadzitchula dzina

Abale ndi alongo, ndalemba mobisa dzina chifukwa ena a mumpingo mwathu ali pa gulu lomwe lino, ndipo sindikufuna kuti nkhaniyi ifike kwa abusa ndisanakhale nawo pansi ndekha. Pepani, ndiyayitali.

Kumayambiriro kwa 2024 ndinanyamuka ndi gulu la achinyamata ochokera m'maiko osiyanasiyana kupita ku utumiki. Tinayamba ndi maphunziro ku Zambia, kenako tinapita ku Mpulungu, m'mphepete mwa nyanja ya Tanganyika. Kumeneko ndi komwe tinakhalitsa, tikuyenda pa boti m'midzi ya asodzi a kapenta komwe kulibe msewu. Titachoka uko tinalowa Tanzania mpaka Kigoma, ndipo tinakaona ku Ujiji komwe Stanley anakumana ndi Livingstone mu 1871. Tinadutsa Bujumbura ndi Kigali, n'kukathera kumpoto kwa Uganda, ku Bidi Bidi m'boma la Yumbe, komwe kuli othawa nkhondo a ku South Sudan oposa 200,000. Pobwerera tinadzera Dar es Salaam ndi Mbeya, n'kulowera pa Songwe.

Ndalama ya ulendowu sinali yanga. Mpingo unachita pepa sande, amayi anasonkha, amalume anga anagulitsa mbuzi zawo. Tili mkati mosonkha muja, kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye zomwe tinali titasonkha zinangosungunuka, anthu n'kuyambiranso kupereka. Palibe amene anadandaula.

Tsopano akulu a mpingo andipatsa Sabata yoti ndipereke ripoti. Mkulu wina wandiuza kale kuti, “Mukatiuze anthu angati analandira Yesu, ndipo mipingo ingati mwadzala.” Apa ndi pomwe mutu wanga waima.

Nambala ndikhoza kuipeza. Kunyanja tinkaonetsa kanema madzulo, tikaitanira anthu kutsogolo manja ankakwera ambirimbiri. Koma ana omwewo ankakweza manja dzulo, lero ndi mawa, ndipo ena mwa akuluakulu anali akhristu kalekale. Pafupi ndi Mpulungu pali tchalitchi chamiyala cha Niamkolo chomwe amishonale a London Missionary Society anamanga cha m'ma 1890, ndiye sitinali oyamba kufikako ndi Uthenga. Ku Bidi Bidi ndiye ndinachita manyazi. Anthu anathawa opanda kanthu, chakudya chomwe amalandira chinachepetsedwa, koma ali ndi abusa awo, makwaya awo, amapemphera pansi pa mitengo m'mamawa ife tikadali m'tulo. Ine wophunzitsa ndi amene ndinkaphunzitsidwa. Ntchito yomwe ndinagwira kwambiri inali kutunga madzi, kuphika, kuphunzitsa ana kuwerenga, ndi kuperekeza odwala ku chipatala pa boti. Anthu omwe ndinganene ndi mtima wonse kuti moyo wawo unasintha ine ndikuona ndi ochepa, osakwana zala za dzanja limodzi.

Funso langa loyamba: ndikaima kutsogolo ndinene zimenezi? Amayi omwe anasala ndiwo kuti ndipite aja sadzaona ngati ndinangokadya ndalama zawo?

Lachiwiri: bungwe lomwe ndinapita nalo likufuna ndibwererenso kwa zaka ziwiri, zomwe zikutanthauza kupemphanso ndalama, ndipo zambiri zimafunika m'madola. Koma mtima wanga uli ku Dzaleka, kampu ya anthu othawa kwawo. Chiswahili ndachiphunzira, Chirundi ndimamvako pang'ono, ndipo anthu a ku Congo, Burundi ndi Rwanda ali pa Dowa pompa. Kungoti ndikatchula Dzaleka anthu amaoneka ngati ndatsika giredi. Bambo anga nawo akuti zakwana, ndikafune ntchito.

Ndithandizeni maganizo. Onyoza nawonso lembani, ndiwerenga.

Mayi wa Mvano, Zomba

Mwana wanga, ine ndasonkhapo ndalama zotumizira anthu kangapo konse, ndiye ndikuyankhe ngati mmodzi mwa amayi akowo. Chomwe chimatipweteka si nambala yochepa ayi. Chimatipweteka ndi munthu wobwera ndi zithunzi zokhazokha, ataima pa bwalo la ndege, ataima pa nyanja, koma osatiuza kuti ndalama inayenda bwanji. Lemba pa pepala: thiransipoti zakuti, chakudya zakuti, ma viza zakuti, mankhwala zakuti. Upereke kwa msungichuma Sabatayo isanafike. Ukatero ukaime kutsogolo utiuze za odwala unkawanyamula pa boti aja. Ife amayi timadziwa kuti kudikirira matenda ndi utumiki, timachita zomwezo ku chipatala cha Central sabata ndi sabata popanda wotiwerenga.

Mphunzitsi wa ku Kasungu

Inetu ndinena mosapsatira. Maulendo amenewa ambiri ndi kukaona maiko basi. Ndalama yomwe inakutumizani ku Uganda ikanalipira mlaliki wa komweko kwa zaka zingapo, munthu wodziwa chilankhulo, wosafuna viza, wosadwala ndi madzi a kumeneko. Inu nomwe mwavomera kuti munawapeza akupemphera kuposa inu. Ndiye munapitiranji? Musabwererenso achimwene. Bambo anu akunena zoona.

Membala wosadzitchula dzina

Aphunzitsi, funso limenelo landisowetsa tulo kuyambira ndili ku Yumbe, ndiye simunandilakwire. Pa nkhani ya ndalama mukunena zoona ndithu. Chomwe ndingayankhe n'chakuti m'midzi ina ya kunyanja munalibe mlaliki woti n'kumulipira, ndipo m'busa mmodzi ankayendera midzi yambiri pa bwato lopalasa. Kumeneko ndikuona kuti tinathandizadi. Ku Uganda ndiye sindingakutsutseni.

M'busa wopuma, Ntcheu

Mwana wanga, tsegula Machitidwe 14, ndime 26 ndi 27. Paulo ndi Barnaba atabwerera ku Antiokeya, mpingo womwe unawatuma, anasonkhanitsa anthu n'kuwafotokozera zomwe Mulungu anachita nawo. Ripoti ndi la m'Baibulo, usalithawe, ndipo mkulu amene wakufunsa nambalayo sanachimwe. Luka yemwe analemba kuti tsiku la Pentekoste anawonjezeka anthu ngati 3,000. Kuwerenga si tchimo. Tchimo ndi kuwerenga manja a ana omwewo katatu n'kubwera nawo kuno ngati mitu ya anthu.

Ine ndatumikira zaka zambiri ndipo ndaona misonkhano yachitsitsimutso yomwe inalengeza mazanamazana, koma pofika mwezi wotsatira m'kalasi ya ofuna ubatizo muli anthu asanu. Akulu a mpingo amazidziwa zimenezi, kungoti tinazolowerana kunamizana mwaulemu. Upite kwa abusa ako mkati mwa sabata, uwauze zonse wanena panozi. Iwo ndi amene akonze mitima ya akuluwo. Usakawadzidzimutse pa guwa, pamenepo ungaoneke ngati ukuwaphunzitsa, ndipo mawu ako abwino angatayike chifukwa cha kaperekedwe.

Chinanso, usanyoze zomwe unaona ku Rwanda ndi Uganda ngati kuti n'zopanda phindu kwa mpingo wako. Chitsitsimutso chachikulu cha kum'mawa kwa Africa chinayambira ku Gahini, m'dziko la Rwanda, m'zaka za m'ma 1930, ndipo chinafala chifukwa anthu wamba ankayenda n'kumauza anzawo zomwe aona, akuulula machimo awo poyera. Iwe wabwera ndi umboni wa akhristu osauka omwe sanamusiye Mulungu. Mpingo wako ukufunika kumva zimenezo kuposa nambala.

Mlongo wa ku Chipata

Ine ndikufuna kuyankha aphunzitsi a ku Kasungu. Kuno ku Zambia sitingaiwale kuti David Kaunda anachokera kwanu ku Nyasaland, atatumidwa ndi mishoni ya Livingstonia kudzalalikira kwa Abemba ku Chinsali kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Chibemba sichinali chilankhulo chake. Anakhazikika ku Lubwa, ndipo mwana wake Kenneth anadzakhala pulezidenti wathu woyamba mu 1964. Komanso William Koyi anachoka ku Lovedale ku South Africa kukatumikira pakati pa Angoni a kumpoto kwanu, n'kumwalira komweko mu 1886. Akanati onse aziti “alalikire a komweko”, bwenzi ife tili kuti? Kusiyana kwake n'kwakuti iwowo ankapita kukakhala, osati kudutsa. Mukafuna kubwerera achimwene, musankhe malo amodzi, mukakhazikike. Kuyenda maiko asanu m'chaka chimodzi n'kuphunzira kwa inuyo, osati kwa anthu mukuwachezerawo.

Wa ku Joni

Man, bambo anu amvereni. Utumiki sudya munthu wa njala. Pezani kaye ntchito, Dzaleka muzipita Loweruka. Paulo yemwe ankasoka mahema.

Mayi wogwira ntchito ku Dowa

Za Dzaleka ndikuuzeniko pang'ono, chifukwa ndimafikako kawirikawiri. Malo aja anali ndende nthawi ya Kamuzu, anasanduka kampu mu 1994, ndipo anakonzedwera anthu pafupifupi 10,000 kapena kuposerapo pang'ono. Lero muli anthu oposa 50,000, makamaka boma litabweza mu 2023 othawa kwawo omwe ankachita malonda m'matauni. Ndiye mavuto alipo ambiri: madzi, malo ogona, sukulu zodzaza, achinyamata ongokhala.

Koma ndikuchenjezeni, zomwe munaona ku Bidi Bidi mukazipezanso kumeneko. Matchalitchi ndi ambiri zedi, pafupifupi ngodya iliyonse, ndipo abusa alipo okwanira. Mukapita ndi maganizo okadzala mpingo wina mukangowonjezera phokoso. Chomwe chikusowa ndi Mmalawi wolankhula Chiswahili amene angakhale pakati pa iwo ndi midzi yozungulira, chifukwa kusamvana kulipo, pa nkhuni, pa minda, pa malonda. Ana ambiri obadwira momwemo amalankhula Chichewa bwinobwino koma makolo awo ayi, ndiye kuchipatala ndi kumaofesi amavutika. Komanso musangolowa ngati mukupita kumsika, pali oyang'anira kampu, muyambe mwadziwika kwa iwo ndi kwa abusa a momwemo. Mukayambe ndi kumvetsera miyezi ingapo.

Za kutsika giredi zo, asiyeni alankhule. Anthu amalemekeza pasipoti yodindidwa, n'chifukwa chake.

Mnyamata wa ku Area 25

Funso langa ndi lina. Mwabwerako, mukumva bwanji mumtima? Mchemwali wanga atabwera ku utumiki wotere ankangokwiya ndi chilichonse. Mpingo ukakamba zogula matailosi iye misozi, akuti anthu akugona ndi njala kwina. Anatsala pang'ono kusiya kupemphera nafe.

Membala wosadzitchula dzina

Achimwene a ku 25, mwandigwira penipeni. Sabata yathayi kunali kusonkha ndalama ya makatani atsopano a kutsogolo, ine ndinangotuluka panja. Ndikudziwa kuti anthu omwewa ndi amene ananditumiza, ndipo makatani si tchimo, koma mtima sukumva. Anzanga akandifunsa kuti “kunali bwanji”, ndikayamba kufotokoza, pakangopita mphindi ziwiri ayamba kuyang'ana foni. Mchemwali wanu zinatha bwanji?

Mnyamata wa ku Area 25

Zinatenga nthawi, mwina chaka. Chinamuthandiza ndi kupeza anthu awiri atatu omwe anayendapo ngati iyeyo, n'kumakumana nawo. Enafe tinkamumvera chisoni koma sitinkamumvetsa. Musapange chiganizo chachikulu panopa, mutu usanakhazikike.

Mphunzitsi wa ku Kasungu

Alongo a ku Chipata, pa David Kaunda ndagonja, koma mwandithandiza nomwe: anapita kukakhala. Ngati mnyamatayu akufuna Dzaleka, ine ndiye woyamba kumutumizira ya minibasi. Za madola zo ayi.

Mayi wa Mvano, Zomba

Ndayiwala chimodzi. Amalume ako aja usawaphatikize mu ripoti la kutchalitchi. Upite kwawo wekha, ukhale nawo pa mkeka, uwafotokozere mwapadera. Mbuzi sizigulitsidwa chifukwa cha bungwe, anagulitsa chifukwa cha iwe.

Membala wosadzitchula dzina

Zikomo nonse. Abusa ndawaimbira, akuti ndipite Lachinayi madzulo kunyumba kwawo, ndipo pepala la ndalama ndayamba kulemba usiku uno, ngakhale malisiti ena a ku Kigoma ananyowa pa boti moti sakuwerengeka. Bungwe lija ndiliuza kuti lindidikire mpaka chaka chithe. Kwa amalume ndipita ikatha Sabata ya ripoti. Mayi a ku Dowa, ndakulemberani ku inbox, ndikufuna kudziwa kuti oyang'anira kampu amafuna kalata yochokera ku mpingo kapena munthu akhoza kungopita yekha. Ndipo ngati pali wina pano amene anayendapo ulendo wotere ndipo ali mu Lilongwe, chonde ndipezeni. Bambo anga sindinawayankhebe.